Sikelo yoyezera digiri: njira zisanu zodziwira ngati ophunzira a ku yunivesite aphunziradi

Nyengo yolemba ophunzira atsopano ikafika, makoleji amakhoma zikwangwani m'misewu ndi kulengeza pa wailesi kuti ophunzira awo onse anakhoza mayeso a chiphaso. Kholo limene lagulitsa soya kuti lipeze fizi limamva zimenezo n'kuzilandira ndi manja awiri. Kwinaku mkulu wa dipatimenti akuyembekezera alendo ochokera ku National Council for Higher Education (NCHE), bungwe limene lamulo la 2011 linalipatsa ntchito yolembetsa ndi kuvomereza sukulu za ukachenjede m'Malawi, ndipo nayenso akusaka nambala yoti akaike pa tebulo. Anthu awiriwa sadziwana, koma funso lawo ndi limodzi: mwana amene wakhala zaka zinayi pa sukuluyi akutuluka ndi chiyani chimene analibe polowa?

Malikisi a m'kalasi sangayankhe okha. Amene anaphunzitsa ndi amenenso anakonza mafunso, ndipo ndi yemweyo anachonga. Malikisi 70 a ku Zomba ndi 70 a ku Mzuzu sanakwere pa sikelo imodzi. N'chifukwa chake maiko ambiri akhala akusaka sikelo yochokera kunja kwa kalasi. Zina mwa zimene ayesa zinagwira, zina zinadya ndalama n'kufera m'njira. Pano ndasankhapo zisanu.

Zoyang'ana musanasankhe

Njira iliyonse ndaiika pansi pa mitu inayi: mtengo, kupezeka kwake, ntchito yoisamalira chaka ndi chaka, ndi zoopsa zake. Koma pali mafunso atatu oti muyende nawo m'thumba powerenga zonsezi.

Loyamba: mayesowa akavuta, wotaya kanthu ndani? Wophunzira amene akudziwa kuti malikisi ake sapita kulikonse amangolemba kuti atuluke. Amene digiri yake yonse yamangidwa pa pepala limodzi amachezera kuloweza, ndipo ena amasaka likasa. Koleji imene ikuopa kutsekedwa imayamba kubisa ana ofooka. Palibe mayeso amene amazemba zitatu zonsezi nthawi imodzi.

Lachiwiri: nambala imene mwauzidwayo ndi ya anthu angati mwa angati? Mlimi wa fodya akhoza kupita ku okushoni ku Kanengo ndi mabelo awiri osankhidwa bwino, n'kubwerako akunyadira mtengo wapamwamba, pamene fodya wambiri watsala m'chigafa. "Onse anakhoza" angakhale anthu 12 otsala mwa 60 amene analowa chaka choyamba.

Lachitatu: anawo anayambira pati? Sukulu imene imatenga ana a mapointi 8 pa MSCE ikatulutsa akatswiri, n'kovuta kudziwa ngati inawaphunzitsa kapena inangowasunga zaka zinayi osawaononga. Imene imatenga a mapointi 26 n'kuwafikitsa pakatikati mwina ndiyo yakhetsa thukuta koposa, komabe pa mndandanda imapezeka kumunsi.

Njira yoyamba: zotsatira za mayeso a chiphaso cha ntchito

Ntchito zina sungazigwire ndi digiri yokha. Namwino ndi mzamba m'Malawi amayenera kukhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi asanalembedwe m'kaundula. Ku Zambia womaliza zamalamulo amadzera ku ZIALE, sukulu yokonzekeretsa maloya, asanaloledwe kuimira anthu m'khoti. Ku America anamwino amalemba NCLEX, ndipo ku Britain, kuyambira chaka cha maphunziro cha 2024/25, aliyense womaliza udokotala ayenera kukhoza Medical Licensing Assessment imene bungwe loyang'anira madokotala la General Medical Council linakhazikitsa. Poti ana a makoleji onse amalemba mayeso amodzi, okonzedwa ndi anthu amene sanawaphunzitse, zotsatira zake ndi sikelo yopezeka kale.

Mtengo. Kwa koleji palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi. Mayeso akonza ndi ena, ndipo wolipira ndi wophunzira. NCLEX, mwachitsanzo, ndi madola 200 pa ulendo umodzi, ndipo wolephera amalipiranso. Koleji imangofunika munthu m'modzi wakhama wolondola maina.

Kupezeka. Apa ndi pamene njirayi imaperewera. Imakhudza anamwino, madokotala, maloya, akauntanti ndi ntchito zina zimene zili ndi bungwe loziyang'anira. Wophunzira mbiri yakale, masamu, Chichewa kapena zachuma alibe mayeso otere. Chinanso n'chakuti zimatengera ngati bungwelo limatulutsa zotsatira koleji ndi koleji. Ku Philippines, bungwe lopereka ziphaso za ntchito la Professional Regulation Commission limasindikiza mmene sukulu iliyonse yachitira, ndipo ku South Africa bungwe la akauntanti la SAICA limaonetsa zotsatira za mayeso ake oyamba yunivesite ndi yunivesite. Kumene sizichitika chonchi, kholo limangomva zimene koleji yasankha kunena.

Kusamalira. Ntchito yake ndi ya m'kaundula, yosasangalatsa koma yofunika. Kalasi iliyonse muilondole kuyambira tsiku lolowa: analowa angati, anamaliza angati, anakalemba angati, anakhoza ulendo woyamba angati, anakhoza atabwereza angati. Bungwe loyendetsa NCLEX limasiyanitsa olemba koyamba ndi obwereza potulutsa ziwerengero, ndipo n'koyenera kutengerako. Muzikumbukiranso kuti mayeso amasintha. NCLEX inasintha kafunsidwe mu Epulo 2023. Mayeso a madokotala a ku America a USMLE Step 1 analeka kupereka malikisi mu Januwale 2022 n'kuyamba kungonena kuti wakhoza kapena walephera. Zikatere, zotsatira za chaka chino simungaziyerekeze mwachidule ndi za zaka zisanu zapitazo.

Zoopsa. Choopsa chachikulu ndi cha mabelo a fodya aja. Ku America, kuyambira 2019, bungwe la maloya la American Bar Association limafuna kuti mwa omaliza sukulu ya zamalamulo amene akalemba mayeso a chiphaso, 75 pa 100 aliwonse akhale atakhoza pasanathe zaka ziwiri. Mabungwe a anamwino a m'zigawo zambiri za dzikolo nawonso ali ndi mlingo wotere. Cholinga n'chabwino, koma taonani chimene chinabadwa: makoleji ambiri a unamwino anayamba kugula mayeso olosera amene angakhoze NCLEX, ndipo ena n'kumatsekereza wophunzira amene sanafike pa mlingowo kuti asamalize. Nambala ya koleji imakwera, maphunzitsidwe osasintha n'komwe. Kwathu kuno mawu ake ana a ku yunivesite ali nawo kale, kuwidedwa, kutanthauza kuchotsedwa pa sukulu chifukwa cholephera mayeso. Koleji imene imawida theka la kalasi ikhoza kukhoma chikwangwani chokongola kwambiri. Chikomekome cha mkuyu.

Chachiwiri, mayeso a chiphaso anakonzedwa kuti ateteze wodwala kapena kasitomala kwa munthu wosadziwa ntchito. Amayeza ngati wafika pa mlingo wotsikitsitsa wololedwa. Sanena kuti namwinoyu ndi katswiri, sanena ngati angalembe lipoti lomveka kapena kutsogolera anzake pa wodi usiku dokotala palibe.

Chachitatu, nthawi zina vuto limakhala pa sikelo penipeni. Mu 2021 ku ZIALE, mwa ophunzira 395 anakhoza zonse anali m'modzi yekha. Anthuwa anachokera ku mayunivesite osiyanasiyana. Zotsatira zotere sizingakuuzeni kuti yunivesite iti inaphunzitsa bwino, zikungokutumani kukafunsa za mayesowo ndi za miyezi imene anthuwo anakhala pa sukulu yokonzekera. Ndipo kalasi ikakhala yaing'ono, musathamangire kuweruza. Mwa anthu 15, awiri akalephera chifukwa cha malungo kapena maliro, nambala yagwa ndi 13 pa 100. Phatikizani zaka zitatu musananene kanthu.

Njira yachiwiri: mayeso otulukira a dziko lonse

Apa boma limakonza mayeso amodzi a omaliza digiri m'mayunivesite onse, aboma ndi omwe si aboma. Maiko atatu anayankha mosiyana funso lija la amene ali wotaya kanthu, ndipo kusiyana kumeneku ndiko phunziro lalikulu.

Brazil inayamba mu 1996 ndi mayeso amene anthu anawatcha Provão. Ophunzira ena ankawakana popereka mapepala osalembapo kanthu. Mu 2004 analowa m'malo ndi ENADE, oyendetsedwa ndi bungwe la boma la INEP. Kwa zaka zambiri phunziro lililonse linkayesedwa kamodzi pa zaka zitatu, ndi mafunso 40, khumi a nzeru za aliyense ndi 30 a phunzirolo. Kosi iliyonse imapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 5. Wophunzira amakakamizidwa kukalemba kuti alandire digiri, koma malikisi ake salembedwa pa satifiketi. Wotaya ndi koleji.

Colombia inayamba mu 2003, ndipo lamulo la 2009 linachititsa kuti mayesowa, amene tsopano amatchedwa Saber Pro, akhale okakamiza. Aliyense amayesedwa kuwerenga mozama, kuganiza ndi manambala, kulemba, za unzika ndi Chingerezi, kuonjezera pa mapepala a phunziro lake. Mwayi wa Colombia ndi wakuti bungwe la ICFES, limene limayendetsa mayesowa, ndi limenenso limapereka Saber 11, mayeso omalizira sekondale. Choncho amatha kuika malikisi a mwana polowa pambali pa malikisi ake potuluka, n'kuona kuti yunivesite yamukuza motani.

Ethiopia inasankha njira yolimba: osakhoza, palibe digiri. Mu Julaye 2023, pansi pa nduna ya zamaphunziro Berhanu Nega, omaliza pafupifupi 150,000 analemba pa makompyuta, ndipo anakhoza pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse. M'mayunivesite aboma anakhoza pafupifupi asanu ndi m'modzi mwa khumi, pamene m'makoleji omwe si aboma sanafike awiri mwa khumi.

Mtengo. Iyi ndi njira yodula koposa, ndipo si koleji imene ingaiyambitse. Taganizani MANEB ikukonza mapepala osiyana a uinjiniya, ulimi, uphunzitsi, zamalonda, zaumoyo ndi makosi ena makumimakumi, lililonse lofuna akatswiri ake okonza ndi ochonga. Ku Brazil amalipira ndi boma. Ku Colombia pali ndalama yolembetsera imene wophunzira kapena sukulu yake imapereka.

Kupezeka. Ngati dziko lanu lilibe mayeso otere, njirayi kwa inu ndi nkhani ya ku nyumba ya malamulo, si ya msonkhano wa dipatimenti. Imafunanso kuti mayunivesite ayambe agwirizana pa zimene womaliza kosi iliyonse ayenera kudziwa. Mkangano umenewo wokha ungadye zaka.

Kusamalira. Pamafunika nkhokwe ya mafunso yodzazidwa chaka ndi chaka, chitetezo choti mapepala asatuluke, ndi akatswiri oonetsetsa kuti mayeso a chaka chino ndi olemera mofanana ndi a chaka chatha. Pamfundo yomalizayi Brazil inapunthwa. Bungwe la maiko ogwirizana pa zachuma la OECD litaunika mu 2018 linapeza kuti zotsatira za ENADE sizingayerekezedwe kuchokera ulendo wina kufika ulendo wina, ndiponso giredi imangonena kuti kosi ili pati poyerekeza ndi zinzake. Makosi onse atakhala ofooka, wina adzapezabe 5. Mayeso a pa kompyuta nawo amafuna makina okwanira, intaneti ndi magetsi osazima, ndipo amene anakhalapo m'labu jenereta itakana kulira akudziwa chimene ndikunena.

Zoopsa. Walira mvula walira matope. Mukatsata Brazil, wophunzira alibe chomukakamiza kulimbikira, ndipo manyuzipepala a kumeneko analembapo za makoleji amene ankachedwetsa ana ofooka kuti asawerengedwe m'gulu lokalemba. Mukatsata Ethiopia, mwana amene analipira fizi zaka zinayi ku koleji imene boma lomwelo linaivomereza ndi amene amalangidwa, mwini koleji atadya kale ndalama. Semesita yomaliza imasanduka yobwereza mapepala akale, ndipo dipatimenti imene inkaphunzitsa chinthu chapadera imachisiya poti sichibwera pa mayeso. Komabe ndinene chilungamo: palibe njira ina pa zisanuzi imene ikanaulula poyera kusiyana kwa makoleji a ku Ethiopia tsiku limodzi monga anachitira mayesowa.

Njira yachitatu: mayeso ogula oyeza kaganizidwe

Awa safunsa za phunziro lililonse. Otchuka ndi Collegiate Learning Assessment, amene bungwe la Council for Aid to Education la ku New York linayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kuyambira 2013 amatchedwa CLA+. Wophunzira amapatsidwa mulu wa zikalata, monga kalata, nkhani ya m'nyuzipepala ndi tebulo la ziwerengero, zina zodalirika zina zosocheretsa, ndipo ali ndi ola limodzi loti alembe malangizo kwa bwana wongopeka. Kenako pali mphindi 30 za mafunso osankha yankho. Yunivesite imayesa gulu la a chaka choyamba ndi gulu la omaliza, kawirikawiri anthu ngati 100 mbali iliyonse, n'kuona kusiyana.

Mayesowa anamveka kwambiri mu 2011, pamene Richard Arum ndi Josipa Roksa anatulutsa kafukufuku wa ophunzira oposa 2,300 m'sukulu 24 za ku America. Iwo anati 45 pa 100 aliwonse sanaonetse kusintha kodziwika pa zaka ziwiri zoyamba, ndipo 36 pa 100 sanasinthe pa zaka zonse zinayi. Akatswiri ena anatsutsa mmene anawerengera, koma mayunivesite anagwedezeka.

Mtengo. Mumalipira pa wophunzira aliyense, m'madola. Kwa sukulu imene imadikira miyezi kuti banki ipeze ndalama zakunja, iyi si nkhani yaing'ono. Onjezani kenakake kokopera ophunzira kuti abwere, chifukwa omaliza amene ali kalikiliki ndi kafukufuku wawo sabwera mwaulere.

Kupezeka. Amalembedwa pa intaneti, ndipo zikalata zake zimachokera m'moyo wa kumene mayesowo anabadwira. Mwana wa ku Nthalire amene amaganiza mwakuya akhoza kuchedwa chifukwa cha Chingerezi kapena chifukwa nkhaniyo ikukamba za khonsolo ya mzinda wa mtundu umene sanauonepo. OECD inayesa kupanga mayeso a maiko onse otchedwa AHELO. Ophunzira pafupifupi 23,000 m'mayunivesite 248 a m'maiko 17 analemba poyeserera cha m'ma 2012, pa kaganizidwe, zachuma ndi uinjiniya. Pofika 2015 maiko sanagwirizane zopitiriza, ndipo ntchitoyo inathera pomwepo.

Kusamalira. Kukonza ndi kuchonga ndi za ogulitsa. Yanu ndi kusankha olemba mwa maere, osati amene adzipereka okha, ndi kubwereza zaka zingapo.

Zoopsa. Wophunzira alibe chotaya. Kafukufuku wa a bungwe lokonza mayeso la ETS wa mu 2012, wotsogozedwa ndi Ou Lydia Liu, anaonetsa kuti ophunzira akangouzidwa kuti malikisi awo adzaonedwa ndi aphunzitsi kapena olemba ntchito, amakhoza bwino kuposa anzawo amene auzidwa kuti ndi za kafukufuku chabe. Tsono mukapeza kuti omaliza sakusiyana ndi a chaka choyamba, simudziwa ngati sanaphunzire kapena anangotopa nanu. Komanso omalizawo ndi otsala, ofooka anawidedwa kale, ndiye kukula kumene mukuona mwina ndi kwa kusefa. Pomaliza, zotsatira zikabwera, mphunzitsi wa kemisitiri amafunsa kuti, "Ndiye ine ndisinthe chiyani Lolemba?" Lipotilo silimuyankha.

Njira yachinayi: mayeso obwerezabwereza a makoleji ogwirizana

Iyi ndi imene ine ndimaikonda, ndipo sindibisa. Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana ku sikelo akuidziwa kale. Sayeza mwana kamodzi ali ndi zaka zisanu n'kunena kuti wakula bwino kapena ayi. Amamuyeza mwezi ndi mwezi, n'kulemba kadontho pa khadi, ndipo chimene azaumoyo amayang'ana ndi mzere: ukukwera, waima, kapena ukutsika?

Sukulu ya udokotala ya ku Maastricht ku Netherlands inayamba zimenezi m'zaka za m'ma 1970. Ophunzira onse, wa chaka choyamba mpaka womaliza, ankalemba pepala limodzi lomwelo, lokonzedwa pa mlingo wa dokotala womaliza. Kwa zaka zambiri anali mafunso 200, kanayi pa chaka, ndipo sukulu zingapo za udokotala za m'dzikolo zinagwirizana kumalemba limodzi. Wa chaka choyamba amakhoza ochepa kwambiri, ndipo palibe chodabwitsa. Chofunika ndi chakuti ulendo wotsatira akwereko. Ku Germany, sukulu ya Charité ku Berlin inayamba zofanana mu 1999. Ndipo musaganize kuti ndi za olemera okha: sukulu ya udokotala ya Universidade Católica de Moçambique ku Beira inazigwiritsa ntchito, ndipo zimene anakumana nazo zinalembedwa mu 2010.

Mtengo. Ndalama zakunja sizifunika. Chimene chimadyeka ndi nthawi ya aphunzitsi, mapepala, ndi tsiku limene sukulu yonse imaima kuti ilembe. Makoleji akagawana ntchito yolemba mafunso, katundu amapepuka. Makoleji a unamwino a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, amene amaphunzitsa silabasi imodzi ndipo ana awo amakalemba mayeso a chiphaso amodzi, ndi chitsanzo cha gulu limene lili kale ndi pokumanira.

Kupezeka. Imagwira bwino pa maphunziro amene ali ndi mutu umodzi wodziwika wa zimene womaliza aliyense ayenera kudziwa: udokotala, unamwino, zamankhwala, akaunti, mbali zina za uinjiniya. Pa filosofi kapena zolembalemba siyenda.

Kusamalira. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Ulendo uliwonse umafuna mafunso atsopano, ounikidwa ndi komiti, ndipo mayeso akatha pamafunika munthu wodziwa ziwerengero woti aone mafunso amene anasokoneza anthu n'kuwachotsa. Chaka choyamba aliyense amakhala ndi moto. Chaka chachitatu, koleji imodzi yaleka kutumiza mafunso, ina yasintha mkulu, ndipo nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Ngati simungakwanitse kanayi, yambani ndi kawiri pa chaka, koma musadumphitse.

Zoopsa. Amayeza zimene zili m'mutu, osati za m'manja. Mzamba akhoza kukwera mzere wokongola koma osatha kumva kugunda kwa mtima wa mwana m'mimba. Pafunika mayeso a pa bedi pambali. Makoleji angathenso kuopana, yofooka n'kukana kuti zotsatira zake zioneke kwa inzake, ndiye mugwirizane poyamba kuti aliyense aziona zake zokha ndi za gulu lonse. Ubwino wake ndi wakuti palibe angalowezere mayeso ofunsa digiri yonse, ndipo mwana amene mzere wake waima mumamuona ali chaka chachiwiri, nthawi yomuthandiza ikadalipo.

Njira yachisanu: ochonga akunja ndi ntchito zenizeni za ophunzira

Iyi mayunivesite athu anaitengera ku Britain, kumene Durham inayamba kuitana oyesa a ku Oxford m'zaka za m'ma 1830. Katswiri wa ku yunivesite ina amaona mafunso ndi mapepala ochongedwa n'kulemba lipoti. Ingalimbikitsidwe posankha mwa maere malipoti a kafukufuku a omaliza, kufufuta maina, n'kuwapereka kwa aphunzitsi a kwina kuti achonge ndi ndondomeko imodzi yogwirizana. Bungwe la AAC&U ku America linatulutsa ndondomeko zotere mu 2009, zotchedwa VALUE, ndipo zimapezeka kwaulere.

Mtengo. Ulendo, malo ogona ndi kangachepe ka wochongayo. Mapepala akatumizidwa pa intaneti, zimatsika kwambiri.

Kupezeka. Phunziro lililonse, chaka chilichonse. Ndi njira yokhayo pa zisanuzi imene wa mbiri yakale ndi wa Chichewa angaigwiritse lero.

Kusamalira. Ochonga ayambe achonga mapepala angapo pamodzi mpaka maso awo afanane. Ndipo lipoti liwerengedwe. Ndinakhalapo pa msonkhano wina pamene lipoti la wochonga wakunja linadandaula chinthu chomwecho chaka chachitatu chotsatizana, ndipo tonse tinangogwedeza mitu n'kupita pa mfundo yotsatira.

Zoopsa. Akatswiri a phunziro limodzi m'maiko athu ndi ochepa ndipo amadziwana. Amene mwamuitana chaka chino adzakuitanani chaka cha mawa, ndiye mawu amafewa. Situlutsanso nambala imodzi yoti kholo liyerekezere makoleji.

Ndiye iti kwa yani?

Ngati mukuyendetsa koleji ya unamwino, uzamba kapena udokotala, njira yoyamba muli nayo kale, mufune musafune. Ilembeni mwachilungamo, kuyambira pa amene analowa chaka choyamba, ndipo muonjezere yachinayi kuti muziona vuto mwana asanafike pa khomo la bungwe la ziphaso. Musaike mayeso otsekereza ofooka pongofuna kukongoletsa chikwangwani.

Ngati muli ku zamalamulo kapena akaunti, gwiritsani zotsatira za chiphaso, koma muziwerenge pa zaka zitatu ndipo muziona mmene mayunivesite ena achitira chaka chomwecho. Onse akagwa pamodzi, musathamangire kusintha silabasi yanu.

Ngati dipatimenti yanu ilibe mayeso a chiphaso ndipo ndalama palibe, tengani yachisanu. Pezani dipatimenti inzanu ku yunivesite ina, musinthane malipoti 30 osankhidwa mwa maere, ndipo musunge ntchito imodzi yolemba ya wophunzira aliyense wa chaka choyamba kuti mudzaiike pambali pa lipoti lake lomaliza.

Ngati ndinu akuluakulu a yunivesite ndipo opereka thandizo alonjeza kulipira mayeso ogula, alandireni ngati kafukufuku wa zaka ziwiri kapena zitatu. Musawaike pa bajeti yanu yokhazikika, ndipo musaweruze nawo dipatimenti iliyonse.

Ngati muli m'boma kapena m'bungwe loyang'anira mayunivesite ndipo makoleji akuphuka ngati bowa, mayeso otulukira ndi okopa. Yambani ndi makosi awiri kapena atatu amene ali ndi ophunzira ambiri, monga uphunzitsi ndi zamalonda. Tengani nzeru ya Colombia yolumikiza zotsatira ndi malikisi a ku sekondale, poti mapointi a MSCE a wophunzira aliyense alipo kale m'mabuku a MANEB. Zaka zoyamba musamange digiri ya mwana pa mayesowo, mpaka mutatsimikiza kuti sikelo yanu ndi yoongoka. Chotsika mtengo kuposa zonsezi, chimene chingachitike popanda mayeso atsopano, ndi kulamula kuti koleji iliyonse yolengeza za kukhoza izinenanso kuti analowa angati ndipo anakalemba angati.

Ngati ndinu kholo kapena wophunzira amene mukusankha koleji, yambani mwaona ngati kosiyo ndi yovomerezeka ku NCHE ndi ku bungwe la ntchitoyo. Kenako mukafika ku ofesi funsani zitatu: kalasi imene yangomalizayi inayamba ndi anthu angati, anakalemba mayeso a chiphaso angati, anakhoza ulendo woyamba angati. Akakuyankhani kuti mabuku ali ndi bwana amene wachokapo, tulukani mukakhale pansi pa mtengo ndi ophunzira a chaka chomaliza. Iwo amadziwa maina a anzawo onse amene anawidedwa, ndi semesita imene aliyense anachokera.